Will, going to kapena -ing: ndisankhe chiti polankhula za m'tsogolo m'Chingerezi?

Mlembi wa mu ofesi

Moni nonse. Ndine mayi wogwira ntchito ya ulembi, ndipo tsiku langa limathera pa maimelo ndi mafoni a m'Chingerezi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti za m'tsogolo ndi will basi, kupatula I ndi we amene amatenga shall. Koma anthu amene ndimalemberana nawo satsata zimenezo. Wina alemba "I'll send the report on Friday", wina "I'm going to send it on Friday", winanso "I'm sending it on Friday". Ndaonaponso "The meeting starts at 9" pamene msonkhanowo ndi wa mawa.

Kodi zonsezi n'chimodzimodzi, kapena pali kusiyana kumene khutu langa silikugwira? Ndinkayesa kuti going to ndi wa zinthu zapafupi, will wa zakutali, monga timasiyanitsira "ndipita" ndi "ndidzapita". Koma mnzanga wina analemba "I'm going to retire in 2040", ndipo chakacho sichili pafupi ayi.

Lachiwiri: n'chifukwa chiyani amati "when I arrive" osati "when I will arrive", chonsecho munthuyo sanafike? Ndithandizeni, chifukwa kalata yochoka m'manja mwanga imanyamula dzina la ofesi yonse.

Mphunzitsi wopuma

Mayi, nkhani ya kutalika kwa nthawiyo isiyeni kaye, ndi imene imasokoneza ambiri mwa ife. M'Chichewa mneni amatiuza yekha ngati chinthu chili pafupi kapena patali: "ndibwera" ndi posachedwa, "ndidzabwera" ndi tsiku lina. Chingerezi sichiyeza mtunda umenewo. Mneni wake amasintha pawiri pokha, walk ndi walked, tsopano ndi kale. Za m'tsogolo zimadutsa m'njira zina, ndipo posankha njira muzidzifunsa funso limodzi: pa nthawi imene ndikulankhulayi, nkhaniyi yafika pati?

Ngati ganizo likubwera pomwepo mukulankhula, ndi will. Abwana anena kuti mapepala atha m'makina osindikizira, inu n'kuyankha "I'll get some". Mphindi yapitayo munalibe ganizo limenelo. Malonjezo nawonso amayenda ndi will: "I'll call you back", "I won't tell anyone".

Ngati munaganiza kale musanatsegule pakamwa, ndi going to. Mnzanu wa 2040 uja anakhala pansi n'kuwerengera zaka zake, tsopano akukuuzani cholinga chimene ali nacho kale mumtima. Kaya ndi mawa, kaya ndi zaka makumi awiri, sizisintha kanthu.

Ngati sizinathere mumtima mwanu mokha, koma mwapangana ndi munthu wina, tsiku ndi malo zadziwika, mwinanso tikiti yagulidwa, ndiye gwiritsani -ing: "I'm seeing the doctor on Monday". Apa mpamene will amapweteka kwambiri. Wina akupempheni kuti mudzakumane Lolemba m'mawa, inu muyankhe "Sorry, I will see the doctor". Kwa iye zimveka ngati za dokotalazo mwaziganiza pomwepo kuti mumuzembe. Koma mukati "Sorry, I'm seeing the doctor", amadziwa kuti nthawiyo inatengedwa kale iye asanapemphe. Ophunzira anga ndinkawachedwetsa pamenepa kuposa pena paliponse, chifukwa cholakwika chake sichioneka pa pepala, chimaoneka pa nkhope ya amene mukulankhula naye.

"The meeting starts at 9" ndi za pa ndandanda: sitima, ndege, mayeso, nthawi yotsegula ndi kutseka. Sizidalira maganizo a wolankhulayo. "The train leaves at 6:40."

Polosera pali njira ziwiri. Ngati chizindikiro chili pamaso panu, going to: foni yatsala ndi 2%, ndiye "It's going to switch off". Ngati ndi maganizo anu chabe, will, kawirikawiri pamodzi ndi I think kapena probably: "I think she'll accept the job".

Pa funso lachiwiri, chimene chikukukokani ndi Chichewa chathu chomwe. Ife timati "ndikadzafika ndidzakuimbirani", -dza- kawiri. Chingerezi chimaonetsa za m'tsogolo kamodzi kokha, m'gawo lalikulu la chiganizo: "When I arrive, I'll call you". Lamuloli limagwiranso pa if, unless, before, after, until ndi as soon as. Samalani pa malo amodzi okha. Mu "I don't know when he will arrive", will ali m'malo mwake, chifukwa when ameneyo akunyamula funso lakuti afika liti, sakutchula nthawi imene chinthu china chidzachitike.

Wolandira alendo pa hotela

Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera njira imene pa ntchito yanga ndi ya tsiku ndi tsiku: will be ndi -ing. Mlendo akaima pa kauntala, sindinena "Will you pay by card?" chifukwa zimatha kumveka ngati ndikumuuza chochita. Ndimati "Will you be paying by card?" Kumeneko ndi kungofunsa mmene iye wakonzera, popanda kumukankha. Chimodzimodzi "How long will you be staying?" Inu amayi, pofunsa abwana ngati adzagwiritse ntchito chipinda cha misonkhano, "Will you be using the boardroom tomorrow?" ndi ya ulemu kwambiri.

Shall sanafe, koma ntchito yake yachepa. Ndimamugwiritsa podzipereka kapena popereka ganizo: "Shall I call a taxi?", "Shall we start?" Alendo ochokera ku Britain amalankhula choncho, pamene a ku America ambiri amati "Should I call a taxi?" Kunena "I shall send it" mu imelo wamba kumamveka kwachikale. Mukamuona m'mapangano olembedwa, monga "The tenant shall pay", pamenepo akutanthauza kuti ndi lamulo, munthuyo ayenera kulipira.

China: won't si kutsutsa za m'tsogolo kokha, nthawi zina ndi kukana. Mlendo akati "The door won't open" akunena za pompano, chitseko chikukanika.

Wokonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS

Ine ndisiyane pang'ono ndi akuluakulu anga. Zonse zanenedwazi n'zoona, koma ndikuopa kuti amayiwa aziima pa chiganizo chilichonse ndi mantha. Maimelo atatu mwatchulawo onse ndi olondola, ndipo wolandira amva chinthu chimodzi: lipoti libwera Lachisanu. Woyamba akulonjeza, wachiwiri akunena cholinga, wachitatu akuti zakonzedwa kale. Kusiyanako kulipo, koma n'kochepa, makamaka pakati pa going to ndi -ing. Eni chilankhulo amasinthanitsa ziwirizi osaganizira n'komwe.

Pamene ndimasamala ine ndi pamene njira ina ili yolakwika ndithu. Simungagwiritse -ing pa chinthu chimene munthu sangapangane ndi mnzake. "I'm passing the exam next month" sizimveka, chifukwa kukhoza mayeso si pangano. Muyenera kuti "I'm taking the exam next month and I think I'll pass". Komanso foni ikalira simunganene "I answer it", ndi "I'll answer it".

Mayeso olankhula a IELTS amatenga mphindi 11 mpaka 14, ndipo nthawi zambiri pamabwera mafunso a zolinga zako ndi mmene ukuonera zinthu m'tsogolo. Munthu wongoti will, will, will amaonetsa kuti galamala yake ndi yopapatiza, ngakhale asalakwitse paliponse. Ndiye ndikuyeseza ziwiri izi zimene sizinatchulidwe: "By Friday I'll have finished the report", kutanthauza kuti pofika Lachisanu ntchito idzakhala itatha, ndi "I'm about to leave", kutanthauza kuti ndatsala pang'ono kunyamuka. Yachiwiriyi ndiyo imanenadi za kuyandikira kwa nthawi.

Gonna ndi katchulidwe ka going to polankhula mofulumira. Mu kalata ya ku ofesi musamulembe.

Mlembi wa mu ofesi

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu aphunzitsi, funso lija lakuti nkhani yafika pati landitsegula mutu. Tandiyeseni ndi ichi. Kasitomala akufuna ziwerengero zimene sindinazipeze, komanso akufuna kuonana ndi abwana Lachitatu, tsiku limene iwo ali pa ulendo umene unakonzedwa kalekale. Ndalemba chonchi: "I'll check and call you as soon as I have the figures. The manager is travelling on Wednesday, so he won't be in the office." Chikundikayikitsa ndi won't be. Kusapezeka kwawo si ganizo la pomwepo, si lonjezonso. Kodi will akulowa bwanji pamenepo?

Mphunzitsi wopuma

Mwalemba bwino mayi, tumizani momwemo. I'll check ndi lonjezo, as soon as I have mwamusiya wopanda will monga kuyenera, is travelling ndi ulendo wokonzedwa kale.

Won't be nayenso ali bwino. Will ali ndi ntchito ina imene sindinaitchule: kungonena chimene chidzakhale, popanda cholinga cha munthu aliyense, monga "She'll be 60 in June". Komanso aneni onena za mmene chinthu chilili, monga be, know ndi belong, satenga -ing wa pangano uja. Simunganene "He is not being in the office on Wednesday".

Chimodzi chokha chenjerani nacho, ndi chija ananena anzathu a ku hotela. Kasitomalayo akaumirira, musamuyankhe kuti "The manager won't see you on Wednesday". Iye adzamva kuti abwana akukana kuonana naye. Lembani "He won't be able to see you on Wednesday", kenako mupatseni tsiku lina: "He's back on Thursday. Shall I book you in for 10?"