Kodi lipoti la ku labotale likati madzi alibe vuto, limatanthauza chiyani kwenikweni?

mlembi_wa_komiti

Ndikupempha thandizo kwa amene amagwira ntchito yoyeza madzi ndi zakudya m'malabotale a boma. Ndine mlembi wa komiti yoyang'anira madzi pa sukulu ina yogonera pompo, ndipo tinatumiza madzi a pachitsime chathu kuti akayezedwe. Lipoti linabwera ndi mizere yochepa chabe: bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli sanapezeke m'mamililita 100, pH (mlingo wa asidi m'madzi) ili pa mlingo woyenera, ndipo madziwo si ovunduka. Anzanga mukomiti akuti nkhani yatha, madzi ndi abwino. Ine ndikadali ndi chikayiko, chifukwa sindikumvetsa kuti botolo limodzi lingaimire bwanji chitsime chonse, komanso ndikufuna kudziwa ngati woyezayo amafufuza poizoni aliyense amene angakhalemo kapena amangoyang'ana zimene wauzidwa. Funso lomweli ndili nalo pa chimanga ndi mtedza zimene timasungira ophunzira. Chonde ndiunikireni.

woyeza_madzi

Bambo mlembi, chikayiko chanucho ndi chomveka, ndipo ndikanakonda makomiti ambiri akanamafunsa motero. Lipotilo silikunama, koma likuyankha mafunso okhawo amene linafunsidwa, pa madzi okhawo amene anali m'botolo tsiku limenelo.

Madzi anu akafika pa tebulo langa, ndimayeza mamililita 100 n'kuwasefa pa kapepala kozungulira kokhala ndi timabowo ting'onoting'ono kwambiri ta 0.45 micrometre, moti madzi amadutsa koma mabakiteriya amatsalira pamwamba. Kapepalako ndimakanyamula ndi kachitsulo kopanira kamene ndakawaula pa moto, n'kukaika m'kambale kokhala ndi chakudya cha mabakiteriya, kenako kambaleko kamagona m'makina ofunditsa pa madigiri 44 kwa maola pafupifupi 18. M'mawa ndimawerenga timadontho tachikasu timene tamera pakapepalapo, ndipo kadontho kalikonse kamachokera ku bakiteriya wa m'matumbo amene anali m'madziwo. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati E. coli asapezeke ngakhale mmodzi m'mamililita 100 a madzi akumwa.

Sitifufuza kolera, tayifodi ndi kamwazi payekhapayekha, chifukwa ntchito imeneyo ndi yodula ndiponso yochedwa. Timafufuza E. coli popeza amakhala wochuluka m'chimbudzi cha anthu ndi ziweto, choncho akapezeka timadziwa kuti pali njira imene zonyansa zikulowera. Komabe kusapezeka kwake sikutseka khomo lililonse. Kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamapirira klorini amene amapha E. coli mosavuta, ndipo mu 1993 kanadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America kudzera m'madzi a m'mipopi.

Pa za poizoni, yankho ndi lakuti palibe makina amene mumathiramo madzi n'kukuuzani zonse zimene zilimo. Chinthu chilichonse chili ndi njira yake yoyezera, nthawi zinanso ndi botolo lake. Ku Bangladesh anakumba mijigo yambirimbiri pofuna kupulumutsa anthu ku matenda otsegula m'mimba, ndipo madzi ake analidi oyera, opanda fungo, opanda mabakiteriya. Mu 1993 ndi pamene zinatsimikizika kuti zitsime zambiri zinali ndi poizoni wotchedwa arsenic wochokera m'nthaka momwemo, amene kwa zaka zambiri panalibe amene ankamuyeza. Malire a WHO pa arsenic ndi mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi, mlingo umene lilime kapena diso silingauzindikire.

woyendera_zaumoyo

Mayi afotokoza bwino za pa tebulo la labotale, koma ine ndikufuna kutsindika zimene zimachitika botolo lisanafike kwa iwo, chifukwa m'kuona kwanga malipoti ambiri osocheretsa amayambira pamenepo. Botolo loyezera mabakiteriya liyenera kukhala lophedwa tizilombo, lisatsukuluzidwe ndi madzi a pamalopo, ndipo chala chisakhudze m'kati mwa chivundikiro. Ngati madziwo amathiridwa klorini, m'botolomo mumayenera kukhala sodium thiosulfate woti athetse mphamvu ya kloriniyo, apo ayi amapitiriza kupha mabakiteriya muli pa ulendo, labotale n'kulemba kuti madzi ndi oyera pamene pampopi sanali otero. Botolo liyende m'bokosi lozizira ndipo liyezedwe pasanathe maola 6 ngati n'kotheka. Likapitirira maola 24, zotsatira zake n'zosadalirika.

Nthawi yotengera madzi nayonso ndi nkhani yaikulu. Chitsime chimene n'choyera m'chilimwe chikhoza kuipa patangopita masiku ochepa mvula yamphamvu itagwa. M'tauni ya Walkerton ku Canada, mu May 2000, mvula inakokolola ndowe za ng'ombe n'kuzifikitsa m'chitsime chosazama, klorini anali wosakwanira, ndipo anthu 7 anamwalira pamene oposa 2,000 anadwala. Kafukufuku wa boma anapeza kuti oyendetsa madziwo ankalemba m'kaundula manambala a klorini amene sanayeze n'komwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti kuyeza klorini n'kosavuta: mumaponya kapiritsi ka DPD m'kachubu ka madzi, madziwo amafiirira, mumafanizira mtunduwo ndi tchati, ndipo pampopi wa wogwiritsa ntchito sayenera kuchepera mamiligalamu 0.2 pa lita.

N'chifukwa chake ndimasiyana pang'ono ndi anthu amene amaika chikhulupiriro chonse pa pepala la ku labotale. Ndikapeza simenti yozungulira chitsime itang'aluka, madzi atadikha m'mbali mwake, kapena chimbudzi chili kumtunda kwake, ndimalemba kuti chitsimecho chili pa chiopsezo ngakhale lipoti litanena kuti E. coli palibe.

woyeza_zakudya

Ndiyankhepo pa mbali ya zakudya, imene ndi yovuta kuposa ya madzi, chifukwa madzi amasakanikirana okha pamene thumba la mbewu silitero.

Poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin anadziwika nkhukutembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Amawononga chiwindi, amayambitsa khansa, ndipo kuphika kwa masiku onse sikumuthetsa. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Vuto lake kwa woyeza ndi lakuti sakhala wofalikira mofanana. Njere zowerengeka chabe zikhoza kunyamula poizoni wochuluka zedi pamene zina zonse zilibe kanthu, moti munthu akatapa dzanja limodzi pakamwa pa thumba n'kubweretsa kwa ife, tikhoza kupeza ziro, mnzake n'kutapa pansi pa thumba lomwelo n'kupeza mlingo woopsa, ndipo onse awiri ayezeredwa molondola. Pa chifukwa chimenechi bungwe loika miyezo ya zakudya la Codex Alimentarius, limene WHO ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse la FAO anakhazikitsa mu 1963, limafuna kuti pa mtedza wosenda woti ukakonzedwenso patengedwe makilogalamu 20, otapidwa pang'onopang'ono m'malo ambiri a katunduyo, agayidwe onse ndi kusakanizidwa bwino, kenako n'kutengapo kachigawo kochepa koyeza. Malire a aflatoxin pa mtedza woterewu ndi ma microgram 15 pa kilogalamu.

Palinso chinyengo chochita kukonzera njira yathu yoyezera. Mapuloteni sitiwayeza mwachindunji. Njira imene Johan Kjeldahl wa ku Denmark anatulukira mu 1883 imayeza nayitirojeni, ndipo nambalayo timaichulukitsa kuti tipeze mapuloteni. Mu 2008 ku China anthu ena ankathira madzi mu mkaka kenako n'kuwonjezeramo melamine, mankhwala opangira pulasitiki amene pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake ndi nayitirojeni. Mkakawo unkaoneka ngati wa mapuloteni okwanira, koma ana pafupifupi 300,000 anadwala impso. Makina sanalakwitse. Anayeza nayitirojeni monga anapangidwira, ndipo panalibe amene anali atalamula kuti melamine afufuzidwe.

mlembi_wa_komiti

Zikomo kwambiri nonse atatu. Tsopano ndikabwerera ku komiti ndikapemphe chiyani makamaka, poganizira kuti sitingakwanitse kuyezetsa chilichonse?

woyeza_madzi

Bambo, zinthu za m'nthaka sizisintha msanga, choncho pemphani kuti kamodzi kokha poyamba ayeze fluoride, nitrate ndi arsenic, kenako muzibwereza mwa apo ndi apo. Fluoride akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amathimbiriritsa mano a ana, ndipo akachuluka kwambiri amawononga mafupa. Nitrate akapitirira mamiligalamu 50 pa lita ndi woopsa kwa makanda omwetsedwa mkaka wosungunula ndi madziwo, komanso nthawi zambiri amasonyeza kuti feteleza kapena zimbudzi zikufika pa madzi anu. Ngati madzi amayenda m'mapaipi akale, onjezani mtovu, ndipo botolo lake litungidwe m'mawa madzi atagona m'mapaipi usiku wonse, mpopi usanatsegulidwe ndi wina aliyense, chifukwa mukayamba mwawataya mtovuwo umapita ndi madzi oyambawo.

Za mabakiteriya ndiye zofunika kubwereza kawirikawiri, makamaka mvula ikagwa yambiri kapena chitsime chikangokonzedwa, ndipo muzitenga botolo lina pachitsime, lina m'thanki, linanso pamene ophunzira amamwera, popeza madzi ambiri amaipira pakati pa malo amenewa.

Lipoti likabwera, onani tsiku ndi ola limene madzi anatungidwa ndi limene anayezedwa. Pamene alemba kuti chinthu sichinapezeke, funsani mlingo wochepetsetsa umene njira yawo imatha kuona, chifukwa ngati makina awo amayamba kuona arsenic pa mamiligalamu 0.05, sangakuuzeni ngati madzi anu ali pansi pa 0.01. Funsaninso ngati labotaleyo inavomerezedwa pa muyezo wa padziko lonse wa malabotale wotchedwa ISO/IEC 17025, ndiponso ngati chivomerezocho chikukhudza zinthu zimene mwapempha, popeza chimaperekedwa pa njira iliyonse payokha osati pa nyumba yonse. Pa chimanga ndi mtedza, musatape nokha. Pemphani woyendera zaumoyo abwere ndi chitsulo chake chobayira matumba.