Galu wanga akutsimphina atadumpha mpanda

Mwini galu ku Kawale:
Dzulo madzulo galu wanga anadumpha mpanda pothamangitsa mphaka, ndipo kuyambira pamenepo sakuponda ndi mwendo wakumbuyo wakumanzere. Akudya bwinobwino, koma ndikamugwira pabondo akulira. Kodi ndimupatse Panado, kapena ndidikire kaye?

Mlimi wa ku Dedza:
Bambo, musamupatse mankhwala a anthu. Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo Panado nayenso amatha kuwononga chiwindi ngati mulingo wake wapitirira. Yambani mwayang'ana pakati pa zala ndi pansi pa phazi, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala minga, galasi losweka kapena chikhadabo chothyoka. Musanamugwire, mumange kukamwa ndi nsalu yofewa, popeza galu akamva ululu amaluma ngakhale mbuye wake.

Mayi woweta agalu:
Ndikugwirizana nawo. Mumusunge pamalo ochepa kuti asathamange, ndipo pamalo potupapo muziikapo nsalu yonyowetsedwa m'madzi ozizira kwa mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku. Komabe kulira kwa pabondoko kukundidetsa nkhawa, chifukwa mitsempha yogwira bondo imatha kuduka galu akatera molakwika, ndipo imeneyo siichira ndi kupuma kokha. Akapanda kuponda pofika mawa, kapena mwendo ukaoneka wopindika, mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuno kuli LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto.

Mwini galu ku Kawale:
Zikomo kwambiri. Ndayang'ana phazi ndipo palibe minga, choncho ndipita naye mawa m'mawa.