Quartz pamwamba pa makabati a kukhitchini: ipirira gasi ndi madzi a borehole?

NaPhiri, Mufakose

Moni nonse. Tikukonzanso khitchini, ndipo makabati atsopano adzakhota ngati L, mbali ina mamita 2.8, ina mamita 1.9. Pamwamba tikufuna quartz yoyera. Timaphikira gasi chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, madzi ndi a borehole. Kodi quartz ipirira zimenezi? Titenge yochindikala mamilimita 20 kapena 30?

Wodula miyala, Msasa

Amayi, quartz si mwala wophwanyidwa kuphiri ayi. Ndi mwala wogayidwa, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, wosakanizidwa ndi resin ndi utoto n'kuupsinja m'makina. Resin ndi amene amatseka timabowo tonse, n'chifukwa chake mafuta, tiyi kapena msuzi wa tomato sizilowerera. Koma resin yemweyo ndi pulasitiki, amaopa moto. Kutentha kukafika cha m'ma 150°C amayamba kupsa. Poto wa nsima wongophulidwa kumene, mukamukhazika pa quartz yoyera, angasiye mkombero wachikasu umene palibe sopo angauchotse, poti chapsa ndi mwala weniweniwo. Nthawi zina umang'aluka kumene, chifukwa malo amodzi atentha mwadzidzidzi pozungulira pakadali pozizira. Ndiye pambali pa sitovu pazikhala thabwa lokhazikapo mapoto nthawi zonse. Kukhoma kuseri kwa sitovu ya gasi ikani matailosi, osati quartz, chifukwa poto wamkulu amakankhira lawi kumbuyo.

Ya mamilimita 20 ikwana. Imalemera makilogalamu pafupifupi 50 pa sikweya mita, ya 30 pafupifupi 75. Khitchini yanu ndi masikweya mita cha m'ma 2.5, ndiye kusiyana kwake ndi makilogalamu oposa 60 amene makabati azisenza popanda phindu lenileni. Silabu (chipande chachikulu cha mwalawu) yanthawi zonse ya kampani ya Caesarstone ndi mamilimita 3050 m'litali ndi 1440 m'lifupi, choncho mbali zonse ziwiri zituluka m'silabu imodzi. Limbikirani zimenezi, chifukwa masilabu osapangidwira limodzi amasiyana kayeredwe, ndipo polumikiza zimaonekera.

Kalipentala wa ku Highfield

Achimwene anena zoona, koma quartz yambiri imang'aluka chifukwa cha kaikidwe. Makabati ayambe amangidwa, ndipo levulo ionetse kuti sakusiyana kuposa mamilimita 3 kuchokera uku kufika uko. Akatero mpamene wodula mwala abwere kudzayeza pamalopo, sinki ndi sitovu zili pomwepo. Musamupatse miyezo pafoni. Makoma a nyumba zakale sakhala owongoka.

Bowo la sinki ndi la sitovu makona ake akhale ozungulira, osati akuthwa. Kona yakuthwa ndi pamene mng'alu umayambira. Pakati pa bowo ndi m'mphepete patsale mamilimita osachepera 50, ndipo pansi pa kachidutswa kopyapyalako pakhale thabwa lochirikiza. Polumikiza pakhale pakona ya L, osati pa sinki. Kukhoma asiye mpata wa mamilimita 2 kapena 3 n'kutseka ndi silikoni. Simenti ayi, chifukwa quartz imafutukuka kukatentha ndipo ikasowa kopita imasweka. Kabati ya pansi pa sinki isakhale ya chipibodi wamba: akanyowa amafufuma n'kufumbutuka, mwala n'kutsala lende.

Chinanso, amayi, musalole kuti adulire m'nyumba ndi gulayinda popanda madzi. Fumbi lake limayambitsa silicosis, matenda a m'mapapo osachiritsika. Dziko la Australia linaletsa miyala yamtunduwu kuyambira pa 1 Julayi 2024 chifukwa cha amisiri amene anadwala. Ikaikidwa ilibe vuto kwa inu ophika, koma anyamata odula aja ndi ana a anthu.

NaBanda, Mabvuku

Achemwali, musaiwale granite yakuda ya ku Mutoko, kuno ku Zimbabwe. Ndi mwala wakonkuno umene umagulitsidwa mpaka kunja, ndipo moto umaupirira kuposa quartz. Pakhomo pophika nsima kawiri patsiku, ine ndingasankhe imeneyo. Kuipa kwake, madzi a borehole akauma amasiya timadontho toyera, ndipo pa mwala wakuda timaoneka kwambiri. Pamenepo quartz yoyera yapambana.

Mukasankha quartz, onani kumene windo laloza. Dzuwa likamawomba malo amodzi tsiku lililonse, resin amasanduka wachikasu. Pemphaninso kachidutswa ka silabu imene mukugulayo, mupakepo ufa wa curry wothira mafuta, kagone usiku wonse, m'mawa mupukute. Ndipo chitsimikizo cha kampani chikhale cholembedwa, chotchula dzina la mwalawo.

NaPhiri, Mufakose

Zikomo kwambiri nonse. Nanga timadontho ta madzi pozungulira mpopi tizichotsa ndi chiyani?

Wodula miyala, Msasa

Tsiku ndi tsiku, sopo wotsukira mbale ndi kansalu kofewa, kenako muumitse. Timadontho tikauma, sakanizani viniga ndi madzi mofanana, mupake, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu, mutsukuluze bwino. Soda wa kositiki, mankhwala otsukira uvuni ndi sitiluwulu zisayandikire, zimadya resin ndipo kuwala kukachoka sikubwerera.