Amayi ayamba kumwa simvastatin, ndiye manyumwa asiye eti?

Nachisale_Luchenza:
Abale ndithandizeni maganizo. Amayi anga ali ndi zaka 63, amamwa kale mankhwala a bipi, ndiye mwezi wathawu atawayeza magazi kuchipatala akuti mafuta m'magazi achuluka, kolesterolo ija, anawapeza ndi 6.8 pomwe akuti imafunika izikhala pansi pa 5. Awapatsa simvastatin wa 20mg kuti azimwa usiku pogona. Nkhani ndi yoti kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa manyumwa ndipo nyengo yake ikakwana mayiwa satha tsiku osasenda limodzi, akuti limatsuka m'mimba. Msuweni wanga akuti anamva kuti manyumwa ndi mankhwala amenewa siziyenderana koma ine ndikuona ngati bodza, chipatso chingaphe munthu? China, iwowo akuti poti tsopano akumwa mapilitsi ndiye nkhumba ndi mang'ina azidya mmene akufunira, mankhwalawo azikonza okha kkkk. Ndiwauze chani?

Mbuya_wa_Famasi:
Achemwali, msuweni wanuyo sakunama ayi. Ndimagwira ntchito yopereka mankhwala ndiye funso ili ndimakumana nalo. M'matumbo mwathu muli kachinthu kena kotchedwa CYP3A4 kamene kamaphwanya gawo lalikulu la simvastatin asanalowe m'magazi, ndipo amene anakonza mlingo wa mankhwalawa anawerengera kale zimenezo. Manyumwa amakagwira kachinthu kameneka n'kukaziziritsa, ndiye mankhwala amalowa m'magazi ochuluka kuposa mmene adokotala amafunira, munthu wameza pilitsi limodzi koma thupi likumva ngati wamwa angapo. Zotsatira zake minofu imayamba kuphwanya, ntchafu, msana, mapewa, ndipo zikafika poipa minofuyo imawonongeka mpaka kuvulaza impso. Sizichitikachitika koma zikachitika si zamasewera.

Ndiye musati adye linyumwa m'mawa n'kumwa pilitsi usiku muziti mwazemba, ayi, mphamvu ya manyumwa imakhalabe m'thupi tsiku lonse mwinanso kupitirira. Malalanje wamba, manachesi, mandimu, nthochi, mapapaya, izi adye palibe vuto.

Zoti azimwa usikuzo atsatire, chiwindi chimapanga kolesterolo wambiri usiku ndipo simvastatin sakhalitsa m'thupi. Kumwa atadya kapena asanadye zonse n'chimodzimodzi. Funso langa ndi lakuti a bipiwo ndi ati? Ngati ndi amlodipine, simvastatin asapitirire 20mg ameneyo, wina asadzawauze kuti awonjezere okha.

Chikondi_Jozi:
Ine ndili ku Johannesburg kuno, ndakhala pa atorvastatin, mankhwala enanso otsitsa kolesterolo, zaka zitatu tsopano. Kuno jusi wa manyumwa ali mbwee m'mashopu, ena amachita kusakaniza ndi zipatso zina ndiye umayenera kuwerenga pabotolo. Adokotala anandiuza kuti kwa atorvastatin vuto lake ndi locheperako, koma ndinangosiyiratu ine, mtima uzikhala m'malo. Anandiuzanso kuti alipo ena monga rosuvastatin ndi pravastatin amene manyumwa sawakhudza, ndiye ngati amayi sangapirire kuona mtengo uli psuu iwo osadya, kafunseni ngati angawasinthire, kungoti kumudzi kupezeka kwake ndi mtengo wake mwina n'kovutirapo.

Koma za nkhumbazo ndiye ndaseka chifukwa ndi ine ndendende chaka choyamba. Ndinkati ndili pa mankhwala, Loweruka lililonse nyama yootcha ndi anyamata, soseji, mowa pamwamba, nditapita kukayezetsanso nambala yangotsika pang'ono chabe manyazi anandigwira.

Bambo_a_Tadala:
Inu mankhwala achizunguwa mukayamba simusiya. Amayiwo angosiya mafuta basi, azimwa madzi a mandimu ndi adyo m'mawa, miyezi iwiri mafuta onse asungunuka. Agogo athu ankadziwa kolesterolo?

Mbuya_wa_Famasi:
Bambo a Tadala pepani, pamenepo ndikutsutsani mwaulemu. Agogo athu ankadya mgaiwa, nyemba, chisoso, ankalima tsiku lonse, nyama ankaiona pa Khirisimasi, ndipo ena ankangogwa mwadzidzidzi anthu n'kumati awalodza pomwe inali sitiroko. Kolesterolo wambiri sachokera m'mbale, thupi limapanga lokha m'chiwindi, n'chifukwa chake mumapeza munthu wowonda ngati bango koma nambala ili m'mwamba, zakumtundu. Mayi wa zaka 63 wa bipi kale kumuuza kuti ataye mankhwala adalire adyo ndi kumuika pachiswe. Mafuta a m'mitsempha sasungunuka ndi mandimu ngati mukutsuka poto.

Koma mbali ina mwanena zoona, chakudya chili ndi gawo lake ndipo pilitsi si chilolezo chodyera chilichonse. Chimene chimakweza kolesterolo woipa uja, LDL, kwambiri ndi mafuta amene amaundana akazizira, taonani msuzi wa mang'ina ukagona mmene umachitira m'mawa, ndi zimenezo. Mafuta a nkhumba, chikopa cha nkhuku, zam'kati, batala, komanso tchipisi ndi mandasi za m'mafuta obwerezabwereza a pachiwaya. Nachisale simukufunika kugula zodula ayi, zabwinozo zili pakhomo pomwepo: nyemba, nandolo, khobwe, therere, masamba otendera nsinjiro, mapeyala, usipa ndi matemba, phala la mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Nkhuku adye koma achotse chikopa, mazira apo ndi apo si mlandu. Mafuta ophikira supuni imodzi kapena ziwiri, osati ndiwo zizichita kusambira.

Mayi_Phiri_Area25:
Ndiwonjezereko pang'ono zimene ambiri sitinena poyera. Amene ali pa ma ARV aziwauza adokotala asanayambe mankhwala a mafutawa. TLD amene ambiri tikumwa alibe vuto ndi simvastatin, koma ena aja okhala ndi ritonavir, monga atazanavir, saloledwa kuphatikiza ndi simvastatin, amachita zomwe zija za manyumwa koma mwamphamvu. Chimodzimodzi erythromycin amene anthu amangogula akamva chifuwa. Ndipo kwa ife azimayi, woyembekezera kapena woyamwitsa samwa mankhwala amenewa. Nachisale muwauze amayi kuti akadzamva thupi kuphwanya kosadziwika bwino, makamaka mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, asadikire tsiku la sikelo yawo ya bipi, athamange kuchipatala tsiku lomwelo.

Nachisale_Luchenza:
Zikomo nonse mwanditsegula m'maso. A Mbuya ndayang'ana m'buku lawo lakuchipatala, ndi amlodipine yemweyo wa 5mg, ndiye akhala pa 20 pomwepo, akuti akayezetsenso pakatha miyezi itatu. Ndawaimbira madzulo ano, za manyumwa avomera mosavuta akuti azipatsa adzukulu ena azikagulitsa pamsewu. Koma nditangotchula mang'ina foni inangoti zii, kenako akuti netiweki ikuvuta kkkk. Loweruka ndikupita konko ndi thumba la nandolo tikakambirane pamaso.