Mafani a RGB: imodzi yapsa timagetsi, onse akulira ngati chigayo

Wamavidiyo_KU:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili pa Kasungu boma, ndimakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kutentha kwa Okutobala kuno kompyuta inayamba kudzizimitsa ndili mkati mwa ntchito, ndiye ndinakagula mafani atatu a 120mm ku Lilongwe, aja owala mitundumitundu. Iliyonse ili ndi zingwe ziwiri. Choyendetsa fani, cha mabowo atatu, ndinalumikiza pa SYS_FAN, malo olumikizapo mafani. Cha timagetsi chili ndi mabowo atatu, lachinayi lotseka. Pa motherboard (bodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta) yanga ya MSI pali polembedwa JRGB1 pa mapini anayi, ndiye ndinatenga singano n'kuboola lotsekalo kuti chilowe. Nditayatsa chinang'anima kamodzi, kenako fungo la pulasitiki yopserera. Fani ikuzungulirabe koma siwala. Mtima ukundiwawa, ndalama yake inali ya ukwati wathunthu.

Awiri otsalawa ndiwalumikize pati? Komanso onse akuthamanga mosalekeza, moti usiku mayi a kunyumba akudandaula kuti mwana sakugona.

Santhe_Tech:
Pepani achimwene. Bowo lija sanalitseke mwangozi. Timagetsi ta mafani anuwo ndi ta mtundu wa ARGB, timafuna mphamvu ya 5V, pomwe JRGB imatulutsa 12V. Tapsa basi, sitingadzukenso. Awiriwo musawayandikize n'komwe pamenepo.

Yang'anani bwino m'mphepete mwa bodi, ndi tochi. Ngati pali polembedwa JRAINBOW, pa mapini atatu okhala ndi mpata pakati, ndiye malo ake, ndipo mitundu muzisintha ndi pulogalamu ya MSI yotchedwa Mystic Light. Kachizindikiro ka muvi ka pachingwe kayang'ane pini ya 5V. Mabodi ambiri akale alibe malowa. Zikatero gulani kabokosi ka ARGB kotenga mphamvu pa chingwe cha SATA (chija chopereka magetsi ku hard drive), kamabwera ndi batani kapena rimoti. Polumikiza chilichonse muzule kaye pakhoma.

MphunzitsiWaKamwendo:
Zaphokosozo n'zosavuta. Fani ya mapini atatu imachepa liwiro mukaichepetsera mphamvu ya magetsi, pomwe ya mapini anayi imalandira 12V nthawi zonse n'kumamvera waya wachinayi uja, wa PWM, womwe umaiuza liwiro. Ndiye SYS_FAN ikakhala pa PWM inu mwaikapo ya mapini atatu, palibe choiuza kuti ifatse, imangothamanga mpaka mapeto.

Poyatsa kompyuta dinani Delete kuti mulowe mu BIOS, mosinthira kayendedwe ka bodi, lowani pa Hardware Monitor, fani iliyonse muisinthe ikhale DC (yoyendera kuchuluka kwa mphamvu ya magetsi), muchonge Smart Fan Mode. Yanga ndinaika kuti iziyenda theka mpaka madigiri 50, kutentha kukafika 75 ithamange yonse. Musatsitse kwambiri, ya DC ikachepekedwa mphamvu imangoima duu. Mukatero dinani F10 kuti zimene mwasinthazo zisungike.

Santhe_Tech:
Ndinaiwala: mukafuna kuphatikiza mafani pa malo amodzi ndi splitter (kachingwe kogawa malo amodzi), muwonkhetse ma amp (A), mphamvu yomwe fani imakoka, olembedwa pa sitika ya fani iliyonse. Malo ambiri amapirira 1A yokha.

Mai_a_pa_Chinkhoma:
Nonse mukukamba zowala, ine nkhawa yanga ndi fumbi. Kasungu timamudziwa, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa ngakhale mbale ya m'kabati imachita kufiira. Ndili ndi makompyuta anayi otayipira ndi kupulinta, ndipo chomwe chinandiphera imodzi ndi fumbi losakanikirana ndi tizidutswa ta fodya, linachita kuumbika ngati bulangete pa heatsink, kachitsulo koziziritsa purosesa.

Awiri muwaike kutsogolo azikoka mpweya, imodzi kumbuyo izitulutsa. Wolowa ukachuluka, fumbi silipeza polowera m'ming'alu, limatsakamira pa sefa ya kutsogolo. Mpweya umatulukira mbali yomwe kuli timitanda togwira mota. Ambiri amatembenuza. Yopsayo ikani kumbuyo, sikuoneka. Ndipo kompyutayo ichoke pansi pa simenti, ikwere pa tebulo. Popemerera ndi blower gwirani mapiko ndi chala asazungulire.

Wamavidiyo_KU:
Zikomo nonse. Ndasintha kukhala DC, phokoso latha, panopa ndikumva ngakhale nkhuku panja. Mayi a pa Chinkhoma, munalasa: yakutsogolo imodzi ndinaitembenuzadi, imatulutsa m'malo mokoka. JRAINBOW ndafufuza ndi tochi, palibe. Kabokosiko ndituma mlamu wanga, akupita ku Lilongwe Lachisanu. Achimwene a ku Santhe, ndimuuze kuti akafunse dzina lanji m'shopu kuti asamupatse ka 12V?