Kodi miyeso yakale ya madzi a m'nyanja tingaikhulupirire?

Mphunzitsi wa ku Ulongue:
Abale, ndimaphunzitsa ana za nyengo kuno ku Angónia. Buku likuti nyanja yamchere yakwera pafupifupi masentimita 20 chiyambire 1901. Mwana wina wandifunsa kuti, poti akalewo ankangowerenga mizere pa thabwa loimika padoko, tingawakhulupirire bwanji? Ndikufuna ndikamuyankhe zoona.

Bambo wa ku Moatize:
Aphunzitsi, ine ndinagwirako ntchito padoko la Beira, kumene kumapita malasha athu. Madzi kumeneko amakwera ndi kuphwera mamita angapo tsiku lililonse, ndiye muyeso wa tsiku limodzi sungakuuzeni kanthu. Koma mukasonkhanitsa ya zaka zambirimbiri, tizolakwika ta owerenga timazimiririka.

Mayi wa ku Songo:
Vuto lalikulu si diso la woyeza ayi, koma nthaka. Ku Stockholm, m'dziko la Sweden, akhala akuyeza kuchokera 1774, ndipo madzi amaoneka ngati akutsika, chifukwa dziko likukwerabe chisungunukireni madzi oundana amene ankalipsinja kalekale. Kwina madoko akutitimira. N'chifukwa chake lero amaika GPS, chipangizo choona ngati nthaka ikukwera kapena kutsika, pambali pa choyezera madzi n'kufananitsa madoko ambiri. Masetilaiti nawo, kuyambira 1993, akusonyeza kuti nyanja ikukweradi.

Mphunzitsi wa ku Ulongue:
Zikomo amayi, za Stockholm zo ndikawafotokozera anawo Lolemba.