Zija ndinafunsa za viva zija, zayankhidwa

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati PhD kuno ku Joni amakuimika pamaso pa ma examiner kuti uteteze thesis yako pakamwa (zomwe amati viva), kapena amangowerenga basi. Zikomo nonse munandiyankha, makamaka achemwali aja munati ndisadalire za mnzanga wa sukulu ina.

Munanena zoona. Ku South Africa kuno yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ake, kwina viva kulibiretu, kwina ndi yokakamiza, ndiye Lachiwiri ndinapita ndekha ku ofesi ya fakote yathu mayi wina anandisindikizira pepala la malamulo nkundilembera mzere pofunika ndi bolopeni yofiira. Ku sukulu yathu viva iliko. Ma examiner ndi atatu, awiri ochokera kunja kwa sukulu yathu, amayamba awerenga thesis nkutumiza malipoti kenako ndiye tsiku limaikidwa. Ndiyamba ndine kufotokoza kafukufuku wanga mphindi 20, mafunso pambuyo. A supervisor akhalapo koma saloledwa kundiyankhira, apa mpomwe mtima wanga wagunda chifukwa chaputala cha methodology ndinkadalira iwowo.

Zotsatira zake ukhoza kukhoza osakonza kanthu, kukonza pang'ono, kukonza zambiri nkubwezanso, kapena kulephera.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi study visa, malipoti amatha miyezi asanabwere ndipo kuwonjezera visa amafuna upemphe kutatsala masiku 60 isanathe. Mawa m'mawa ndikukatenga kalata ya sukulu yotsimikiza kuti ndikadali mwana wasukulu, ndikabuke tsiku ku VFS, ofesi yomwe imalandira mafomu a visa.